Chitini Chimene Sindinachimenye

Linali Lachiwiri, pa 18 Okutobala, cha m'ma 10 koloko m'mawa, pamene ndinakweza maso kufunafuna kabawi mmodzi n'kupeza thambo lonse lili mbalame. Zinali kutali kwambiri, zazikulu, zakuda, zikuzungulira osakupiza mapiko, ngati phulusa la lupsa likamakwera ndi mphepo. Zikafika pamwamba penipeni zinkawongoka imodziimodzi n'kulowera kumwera, m'mbali mwa mapiri a Ngong. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo tinali titangotha miyezi iwiri ku Rongai, pafupi ndi Nairobi ku Kenya.

Bambo anali dalaivala pabungwe lina m'tauni. Ku Kenya chaka cha sukulu chimayamba mu Januwale, choncho ine ndinalibe kopita. Chiswahili chimene ndinkadziwa chinali chogulira ndiwo zamasamba za sukuma ndi palafini paduka basi. Tsiku lonse ndinkayenda kuchoka pageti kukafika pathanki yamadzi n'kubwerera, ngati mbuzi ya pachingwe. Mphepo ya kumeneko sinkapuma. Inkabwera ndi fumbi la kumene ankaswa miyala ndi fungo la ng'ombe za Amasai.

Ntchito yanga inali imodzi: kulondera anapiye. Mayi anagula thadzi lachikuda sabata yomwe tinafika, asanagule ndi makatani omwe, chifukwa ankati pakhomo popanda nkhuku ndi pamsasa chabe. Thadzilo linaswa anapiye asanu ndi awiri, kabawi n'kutengapo atatu. Anayi otsalawo mayi ankawawerenga m'mawa ndi madzulo, ndipo ndi nthawi yokhayo imene ndinkawamva akung'ung'udza nyimbo za kwaya ya kwathu ku Dedza. Anandipatsa chitini cha mafuta ophikira ndi kamtengo. Kabawi akaoneka, ndinkayenera kuvundikira chitinicho pansi, kuchimenya ngati ng'oma n'kukuwa.

Madzulo a tsikulo ndinawafunsa bambo za mbalame zija. Anati anaperekezapo alendo pamwamba pa Ngong amene anakhala tsiku lonse akungoziwerenga. Anati ndi ziwombankhanga ndi mphamba zothawa chisanu kumayiko akumpoto, za anapiye zilibe nazo ntchito, ndipo zina zimadutsa Tanzania mpaka kwathu, popanda pasipoti. Mayi anati zakumwambazo n'za abambo ndi alendo awo, iwo mdani wawo ndi wakuba wokhala mumtengo wa mthethe kuseri kwa mpanda.

Ine ndinangomva mawu amodzi: mpaka kwathu. M'mawa mwake ndinayamba kuwerenga. Zikadutsa mbalame khumi, ndinkaponya njere imodzi ya chimanga m'chitini muja. Ndinapangana ndekha mumtima kuti njere zikakwana zana, ifenso tinyamuka. Palibe anandiuza zimenezi, koma ndinazikhulupirira kuposa katekisimu. Masiku ena kunkachita mitambo, osadutsa ngakhale imodzi, ndipo ndinkakhuthulira njerezo m'manja n'kuziwerenga mobwereza ngati zingaswane. Khosi linkawawa, maso ankatuluka misozi ndi dzuwa, nsima ndinkadya choimirira.

Sabata yachitatu kunagwa mvula yoyamba. Dothi lakuda la ku Rongai linamata kumapazi, ngumbi zinatuluka, ndipo kutacha mbalame zinabwera zochuluka kuposa masiku onse. Pofika masana zinangotsala njere zinayi kuti zana likwane. Ndinali pakati powerenga pamene thadzi linalira kulira kwake kochenjeza. Ndinaona chithunzithunzi chikuthamanga pansi kuchokera kumthethe. Dzanja linagwira chitini, koma ndinadziwa kuti ndikachivundikira chimanga chimwazika, thadzi lichitola. Pakamwa panali pa zisanu ndi ziwiri, ndipo sindinafune kutaya nambala. Ndinazengereza kanthawi kopumira kamodzi kokha. Kabawi sanafune nthawi yoposa pamenepo. Anatenga kamwanapiye ka kameta, kopanda nthenga m'khosi, kamene mayi ankati kafanana ndi nkhuku za kwa amayi awo.

Mayi anatuluka manja ali thovu la sopo. Anawerenga anapiye, kenako anasuzumira m'chitini.

"Chimangachi n'chachiyani?"

Ndinawauza zonse, ndi za zana lija. Ndinkayembekezera kumenyedwa khofi. Iwo anangopukuta manja pachitenje, nayang'ana kumwamba kumene mbalame zinali zikudutsabe.

"Kodi iwe ukuyesa wofuna kwathu ndiwe wekha?"

Anabwerera kochapa. Madzulo amenewo anatsekera anapiye osaimba.

Lero ku Rongai n'nyumba zosanjikizana zokhazokha, mthethe uja unadulidwa kalekale, ndipo thambo latsala kampata pakati pa madenga. Kwathu tinabwerera patapita zaka zisanu ndi zinayi, pabasi, ndipo nkhuku zimene mayi anagawira anansi ponyamuka zinachokera mwa anapiye atatu aja. Ine ndinadzabwereranso ku Nairobi kudzagwira ntchito. Okutobala akafika, khosi limafunabe kupendekera kumwamba, ndipo ndimalilola. Koma funso la mayi lija sindinaliyankhe mpaka anamwalira. Ndinali ndisanaganizepo kuti munthu wogula thadzi angakhale akulimbana ndi mtima womwewo umene unkandiyendetsa ine pakati pa geti ndi thanki.

M'mawa wotsatira tsiku limene kabawi anatenga kamwanapiye kaja, ndinadzuka bambo asanapite kokwera matatu, maminibasi a kumeneko. Ndinakhuthulira njere zonse pamwala, ndinaziphwanya ndi mwala wina kuti zichepe, n'kuwamwazira anapiye atatuwo. Kenako ndinavundikira chitini, ndinagwira kamtengo, ndinakhala pansi moyang'anana ndi mthethe.