Tsiku Limene Anandiveka Nyanda pa Chaka cha Sukulu

Mawu anga ndi aakulu, sindibisa ayi. Ndikatsokomola kumunda, akazi anga amamva ali kudimba. Ndi mawu a bambo anga amenewa. Sukulu ya kwathu kuno, kunsi kwa Chongoni, itangoyamba inalibe belu, ngakhale kachitsulo kopachika pamtengo. Belu lake anali bambo anga. M'mawa uliwonse, chisanu chikuluma zala, ankakwera pachulu n'kuitana ana a midzi inayi. Chifuwa chitawafooketsa ndinakwerapo ine, mpaka belu lenileni linabwera pangolo. Sukulu ndinalekeza kalasi yachiwiri, inde, koma afunseni ophunzira akale onse kuti ankawadzutsa ndani.

M'masiku a chitaganya, azungu akulamulirabe dziko lino, sukuluyo inakwanitsa zaka makumi asanu. Inali itakula, ya njerwa ndi malata. Mphunzitsi wamkulu anali mwana wa mlongo wanga, yemwe ndinkamuwolotsa mtsinje pamsana nthawi ya dzinja. Anafika kwathu panjinga, kope latsopano lili m'thumba.

"Malume, tikulemba mbiri ya sukulu. Woidziwa bwino ndinu."

"Nzeru imeneyo wachedwa nayo. Khala apo, usongole pensulo."

Masiku awiri ndinamufotokozera. Ndinamuuza amene anadula mitengo ya denga loyamba, ndi amayi amene anasenza udzu. Ndinamuuza mmene bambo anga anathamangitsidwira ndi mpini, makolo atakwiya kuti ana asiya kuingitsa anyani m'minda. Iye ankangolemba, mutu uli zyoli. Pomaliza ndinapempha chinthu chimodzi chokha: dzina la bambo anga litchulidwe pamaso pa anthu.

"Lidzatchulidwa, malume. Ndipo inu mudzakwera pachulu chija, anthu amve mmene zinkakhalira."

Sindinasunge pakamwa. Ndinauza apongozi, ndinauza a kumpingo, ndinauza ngakhale anthu ongodutsa panjira. Jekete langa ndinapita nalo ku Mayani kwa telala wina wachisilamu kuti alisoke pachigongono. Analitembenuza uku ndi uku nati, "Achimwene, ili ndi la kuchikondwerero kapena mukufuna akakuikeni nalo?" Ndinamuyankha kuti asoke basi, adzamva yekha mawu anga ali pamakina ake pomwepo.

Tsikulo linafika. Bwalo linadzaza, alendo ali pamipando kutsogolo, pakati pawo mzungu wina wamkulu wochokera kutali, wosamva Chichewa. Mwana wa mlongo wanga anandikokera kuseri kwa kalasi. Pansi panali nyanda, chikho chomwera mowa, ndi phulusa m'phale.

"Vulani jekete, malume, muvale izi."

"Iwe, bambo anga sankavala nyanda. Ankavala nsalu ya biriwita, yochapa bwino."

"Ndi sewero chabe. Alendo aone zakale."

Ndinavula. Ndinadzola phulusalo ndi manja angawa. Ndinati mumtima, mwanayu ndi wophunzira, akudziwa chimene akuchita.

Nditakwera pachulu ndinadzaza chifuwa. "Uuuuu! Ana a kuseri kwa phiri, ana a kudambo, kwachaaa! Sileti ikudikiraaa!" Phiri linandibwezera mawu. Amayi okalamba amene ankamva kuitana kumeneku ali atsikana analiza nthungululu, wina mpaka anaimirira. Ndinaona ngati bambo anga adzuka.

Kenaka mwana wa mlongo wanga anayamba kuwerenga pepala, poyamba m'Chingerezi, kenaka m'chinenero chathu.

"Taonani mdima umene unali m'dziko muno sukulu isanabwere. Munthu uyu akuitana anzake ku mowa."

Anthu anaseka. Kuseka kwenikweni, kogwira nthiti. Ophunzira ovala zoyera anatulukira pamzere, masileti ali m'manja, akuimba, kulunjika pachulu. Iye anayandikira n'kunong'ona, "Thawani tsopano, malume. Apa ndi pothawa."

Ndithawe ine? Pachulu cha bambo anga? Chikho chija ndinachimenyetsa pansi, phwaa! Ndinafuula dzina la bambo anga katatu. Ndinati munthu ameneyu sanaitanepo wina ku mowa, anaitana agogo anu ndi makolo anu kuti adziwe a, e, i, ndipo nsapato mwavalazi zinayambira pakhosi pake. Mzungu uja anaomba m'manja, akumwetulira, poganiza kuti ndi mmene sewerolo analikonzera. Alendo ena anamutsatira. Oimba anauzidwa kuti akweze nyimbo. Ine ndinapitiriza, koma munthu mmodzi sangapose makosi makumi anayi, ngakhale ine. Apongozi anga ndinawaona atazyolika, akujambula pansi ndi kamtengo.

Patapita sabata mwana wa mlongo wanga uja anabwera kwathu ndi kabuku ka mbiri ija, kotayipa. Sindiwerenga mothamanga, ndimatsata ndi chala. Anakhala pakhonde kudikira mpaka ndinafika tsamba lomaliza. Munali mayina a azungu, mayina a aphunzitsi, lake lomwe, ngakhale tsiku limene belu linafika. Za ife munali kamzere kamodzi: anthu a m'midzi anathandizako.

"Anathandizako? Dzina lija lili pati?"

"Akomiti anati mbiri iyambire pa belu, malume. Za m'mbuyomo zilibe umboni wolembedwa."

"Nanga masiku awiri aja unkalemba chiyani? Unkajambula nkhuku?"

Ndinamuponyeranso funso lina.

"Za mowa zija anakuuza ndani?"

"Zinafunika kuti sewero likome. Anthu anasangalala kwambiri."

"Unadziwa liti kuti ndidzakhala wa mumdima ndine?"

Anayang'ana njinga yake. "Tisanabwere kudzalemba."

Ndiye kuti pamene ankakhala pamkeka wanga, akudya mbatata yanga ya kachewere, nyanda ija inali itakonzedwa kale. Sanafune mbiri. Ankafuna munthu wa mawu aakulu woti alendo amuseke.

Mlongo wanga anabwera ndi tambala kudzapepesa. Tambalayo ndinadya, analibe mlandu. Koma mwana wake kuyambira tsiku limenelo sindinamutchulenso kuti iwe. Tikakumana panjira ndimavula chipewa, ndimati, "Mwadzuka bwanji, aphunzitsi?" Amati, "Malume, musatero." Ine ndimati, "Zikomo, aphunzitsi, yendani bwino," n'kumupatsa njira ngati mlendo.