Matope a Dotora Pakhonde Langa

Ndinagwira umotorista, ntchito yoyendetsa galimoto, zaka zambiri, ndipo sindinatayepo katundu wa munthu. Kamodzi kokha ndinatsala pang'ono. Sikunali pamsewu ayi, kunali kunyumba kwanga ku Namacula, mu Lichinga.

Inali nthawi ya nkhondo. Ofesi yathu yoyeza nthaka inandituma kunyanja yamchere pamodzi ndi mayi wina wophunzira kwambiri amene tinkangomutchula kuti Dotora. Ankafuna kudziwa kuchuluka kwa mtovu, mkuwa ndi zinthu zowola m'matope a pafupi ndi doko. Madzi akaphwa tinkalowa m'matopemo mpaka m'mawondo. Lamulo lake linali lakuti chitsulo chisakhudze matope, kuopa kusokoneza zoyezazo. Tinkatapa ndi chipande n'kuthira m'matumba apulasitiki. Malo alionse matumba awiri, nambala imodzi. Ine ndinkaona kuti n'kuwononga matumba chabe.

Tinabwerera ku Lichinga pa koluna, mdipiti wa magalimoto operekezedwa ndi asilikali. Galimoto ina patsogolo pathu inaponda bomba. Ndinalumbira kuti msewu umenewo sindidzaupondanso.

Tinafika Loweruka, ofesi atatseka kale. Matumba ndinawaunjika kunyumba, m'chipinda chosungiramo mbatatesi. Lamlungu ndinapita kumaliro ku Lulimile. Pobwera ndinapeza khonde lili bii, lozira bwino, koma likununkha mazira owola. Mkazi wanga anali chogwada, manja akuda mpaka m'zigongono.

"Dothi losalala chonchi simunandibweretserepo," anatero. "Mulibe kamwala n'kamodzi komwe. Koma fungoli, abambo, munakumba pachimbudzi cha yani?"

"Mwamasula angati?"

"Atatu. Kodi matope amakhalanso ndi mwini wake?"

M'maso mwanga munabwera msewu uja basi. Matope akasowa, wokawatenganso ndinali ine.

Ndinatulutsa matumba onse, n'kuwandandalika pabwalo awiriawiri monga mwa nambala zake. Atatu anakhala okhaokha, koma nambala zonse zinalipo. Mkazi wanga anangotola apamwamba, ndipo sanatenge awiri a malo amodzi. Ndinakhala pansi, padothi pomwepo, chinthu chimene sindichita.

Lolemba ndinamuuza Dotora zonse. Kubisa sindikudziwa.

"Otsalawo amayi anawagwira ndi khasu kapena mpeni?" anafunsa.

"Sanawamasule n'komwe."

"Ndiye palibe chatayika, bambo. Ntchito ya thumba lachiwiri ndi imeneyo." Kenako anaseka. "Zimene ndipeze ndidzakuuzani, kuti amayi adziwe chimene akukhalira akamasenda mbatatesi."

Khondelo litauma linatuwa ndi mchere, n'kuyamba kusweka zibenthuzibenthu. Mkazi wanga analipala lonse, akung'ung'udza kuti dothi la anthu ophunzira lilibe ntchito. Ndinam'thandiza kutaya. Ndinapitanso kudambo ndekha kukam'tengera dothi lakwathu, ndowa ziwiri, anthu akundiona.

Msewu uja sindinauponde mpaka nkhondo inatha.