Alamu Anga Anasuta Ndemanga za M'Baibulo

Mpaka lero ndikamva fungo la fodya wa chingambwe mutu umanditentha, ndipo si utsi iyayi. Ndi alamu anga, amuna a mlongo wanga, mkamwini wa pakhomo pa amayi kwa Kalembo.

Chaka china mpingo wathu unalandira mlaliki watsopano, munthu woonda ngati sipoko ya njinga. Asanadziwe n'komwe kumene kuli mjigo, anatsegula m'mabuku a Mose n'kupeza kuti nsomba yopanda mamba ndi yodetsedwa. Tsono amayi anga moyo wawo wonse unali mlamba. Ankakapikula wowamba ku Liwonde n'kumagulitsa pamsika. Malata a nyumba yathu ndi mlamba, sukulu yanga ndi mlamba. Ndikulumbira, amphaka ankandiperekeza mpaka m'kalasi, ndipo mmodzi anakhoza nawo mayeso.

Akulu ampingo anauza amayi kuti asankhe: asiye mlamba, apo ayi asiye mgonero. Amayi sadziwa kuwerenga, koma sanatekeseke. Anati, "Mwana wanga adzandiyankhira. Ali ndi Baibulo lalikulu."

Linalidi lalikulu, lija lophunzirira. M'munsi mwa tsamba lililonse munali ndemanga za zilembo zing'onozing'ono, zofotokoza vesi ndi kukulozera mavesi ena ogwirizana nalo. Kumapeto kunali mapu, ndi kalozera wa mawu woti ukafuna nsomba ankakusonkhanitsira nsomba zonse za m'Malemba. Tsiku limene ndinalikweza minibasi matayala anaphwa mbali yanga yokha. Sindikuwonjezera. Ndinkalisunga kwa amayi chifukwa chipinda chimene ndinkachita lendi ku Balaka, kumene ndinkagwira ntchito, chinkadontha.

Ndinkakumbuka bwino kuti pansi pa vesi la mambalo panali ndemanga yolozera ku Chipangano Chatsopano, kumene nkhani ya zakudya inamasulidwa. Manambala ake sindinaloweze. Aloweze ndani, kalozera alipo? Ndinatumiza uthenga kuti amayi asadandaule, ndipo ndinafika Loweruka masana, mlandu uli wa mawa lake tikaweruka kutchalitchi.

Nditalitulutsa m'sutikesi ndinadabwa kupepuka. Baibulo langa linali litaonda ngati ladwala malungo. Kutsegula, ndinapeza tsamba lililonse ladulidwa kumunsi ndi lezala, mowongoka bwino, ntchito ya telala. Kalozera yense kunalibe.

Alamu anali pansi pa mtengo wa mango, miyendo atatambasula, utsi ukutuluka m'mphuno.

"Alamu, wameta Baibulo langa ndani?"

"Aaa, alamu, mwafika? Mwayenda bwanji?"

"Ndikuti wameta ndani?"

"Iyayi, Baibulo sindinalikhudze ine. Ndisute Mawu a Mulungu, ndapenga? Onani bwino, vesi lililonse lilipo. Ine ndimadula kunsi kwa kamzere. Zakunsizo analemba anthu ngati inu ndi ine."

"Nanga kalozera?"

"Ameneyo ndiye anali wabwino zedi. Pepala lake lofewa, silikhosomoletsa ngati nyuzi. Mapu ndakusiyirani. Ndi olimba, sayaka bwino."

Munthu ameneyu sanali kuseka. Ankandiyang'ana ngati akudikira zikomo. Anthu ophunzira anathera maso awo kulemba ndemanga zija, ena mpaka kumera imvi, kuti ntchito yawo idzathere m'mapapo a mkamwini amene chibwerere pakhomopo sanamangepo ngakhale khola la nkhuku! Ndinatola mpini. Mlongo wanga anatuluka m'khitchini akuthamanga.

"Achimwene, chonde, anthu amva!"

"Amve! Amve kuti amuna ako asuta Chipangano Chakale ndi Chatsopano chomwe!"

"Zam'munsi zokha," anandikonza alamu.

Ndinaponya mpini pansi chifukwa dzuwa linali kupita ndipo ndinali ndi ntchito. Ndinkadziwa kuti penapake mtumwi wina anaona nsalu yodzaza nyama ikutsika kumwamba. Koma pati? Ndinavundukula masamba mpaka malovu anandithera pa chala. Ndikatsegula apa, mayina a anthu obereka anzawo. Ndikatsegula apo, miyeso ya kachisi. Maso ankangothamangira kumunsi kwa tsamba monga anazolowera, n'kukapeza maondo anga.

Lamulungu anatikhazika kutsogolo, amayi pa benchi, atavala nsalu yawo yatsopano. Mlaliki anawerenga vesi lake, chaputala ndi nambala, mawu akutuluka ngati misomali. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Tamva kuti muli ndi yankho, achimwene."

"Palembedwa penapake kuti zakudya zonse zinayeretsedwa."

"Pati?"

"Chakutsogoloku."

"Kutsogolo n'kwakukulu, achimwene. Tipatseni vesi."

Ndinatsegula Baibulo, tizidutswa ta mapepala tinagwa pansi ngati nthenga. Chimene ndinali nacho chathunthu anali mapu. Ndikanatha kuwaonetsa nyanja imene atumwi ankawedzamo, ndi midzi yonse ya m'mbali mwake, koma mapu sanena ngati nsomba zake zinali ndi mamba. Thukuta linatsika mpaka kudzaza nsapato. Potuluka ndinachita kukhuthula, ndipo pamalopo panamera bango. Alipo anthu angachitire umboni.

Amayi anaimirira, n'kukonza mpango wawo, n'kunena pamaso pa mpingo wonse kuti alapa, mlamba ausiya. Amene anafuula ameni kuposa onse anali alamu, kumbuyo kwenikweni, kenako anakhosomola.

Nditabwerera ku Balaka ndinabwereka Baibulo ngati langa kwa aphunzitsi ena oyandikana nawo nyumba. Ndinapita pa vesi la mamba, ndinatsitsa maso kumunsi, ndipo madzi a tiyi asanawire ndinali ndi mavesi onse m'manja. Ndinatukwana mokweza, aphunzitsiwo mpaka anandilanda buku lawo.

Loweruka lotsatira ndinathamangira kumudzi. Amayi ndinawapeza pamsika, pamalo pawo pakale, kutsogolo kwawo kuli timilu ta matimati ofewa ndi dzuwa, ntchentche zikuchita msonkhano. Makasitomala awo a mlamba ankawadutsa n'kupita kwa mayi wina wa pafupi.

"Amayi, ndawapeza mavesi aja. Tiyeni tibwerere kwa akulu ampingo."

Sanandiyang'ane. Anatola tomato wophulika n'kumuponya kumbali.

"Ndinaimirira pamaso pa anthu, ndinalapa. Ukufuna ndikaimirirenso ndikalape kulapako? Ndine mwana ine? Unali ndi tsiku lako."

Mlamba sanaugwirenso mpaka pano. Mgonero amadya, pa benchi yakutsogolo.

Baibulo lometedwalo ndinalitenga, lili kwanga, ndipo mavesi aja ndinawaloweza moti mutandidzutsa kutulo ndingawatchule, ngakhale palibe amene akuwafuna. Alamu akadali pakhomopo, pansi pa mango womwewo, khola la nkhuku silinamangidwebe. Ndikapita kukaona amayi amandilonjera mwaulemu wonse. Ulendo wathawu anandikokera pambali n'kundifunsa ngati aphunzitsi aja amabwereketsa Baibulo lawo kwa aliyense.