Chulu cha Mayi Kalinde pa Kompyuta

Ku Namitambo, ukafuna mtedza wosankhidwa bwino, aliyense amakulozera kwa mayi Kristina Kalinde. Mayiwa ndi aafupi, pakamwa sapuma, ndipo sagulitsa kanthu osaikapo basela. Mtedza wawo amaunyadira kuposa Misozi, mwana wawo wogwira ntchito mu labotale ku Blantyre, ngakhale ukawafunsa amakanitsitsa.

Chaka chatha kunabwera munthu wopanga chiponde, nati azigula mtedza wawo chaka ndi chaka ukapezeka wopanda chuku. Munthuyo anatapako pang'ono kukayezetsa kuntchito kwa Misozi, ndipo unakanidwa. Mayi Kalinde anapsa mtima, nakwera minibasi kuti akaonane maso ndi maso ndi makina amene anaukanawo.

Misozi anawaimika pafupi ndi chibokosi chong'ung'udza.

"Amayi, mtedza timaupera n'kuuviika m'madzi a mankhwala. Makinawa amawaza madziwo kukhala tizidutswa tosaoneka ndi maso, n'kutipatsa mphamvu ya magetsi. Kenako magetsi amatikankha mumpope wopanda mpweya. Topepuka timafika msanga kumapeto, tolemera timachedwa. Kumapetoko kuli kambale komva chilichonse chokagunda. Poizoni wa chuku ali ndi nthawi yake yofikira, ndiye akagunda, mzere uwu pa kompyuta umakwera ngati chulu."

"Ndiye chulu ichi n'changa?"

"Chanu ndithu. Paja mukamaswa mtedza mumayamba mwawaza madzi kuti makoko afewe?"

"Nanga agogo ako ankaswa bwanji?"

"Chinyezi chimenecho ndiye chimaitana chuku, amayi."

Anabwerera kumudzi akung'ung'udza kuposa makina aja. Komabe chaka chino mtedza anauswa uli wouma gwa. Zala zinatuluka matuza, anazikulunga tinsanza, anzawo n'kumawaseka kuti ayamba kuopa madzi ngati mbuzi. Zinkawawawa mumtima, koma botolo lowazira madzi sanalikhudze.

Foni ya Misozi inawapeza akupeta pabwalo.

"Amayi, mzere wangoti see. Makina sanamve kanthu."

"Sanamve kanthu? Matuza onsewa, iwo osamva kanthu?"

"Ndiye zabwinozo! Mulibe chuku. Wogula uja akubwera Loweruka."

Lichero linagwera uko, nthungululu inamveka mpaka kumsika, nkhuku n'kupezerapo mwayi pa mtedza wotayika. Mpweya utabwerera, mayi Kalinde anatola foni m'fumbi.

"Misozi, ukadalipo? Ukawauze makina akowo kuti ndawakhululukira. Loweruka ndiwatumizira basela."