Chipika cha Pansi pa Nyumba ya Doña Eduvina

Kwathu masamba a mitengo ya lenga amayamba kufiira pamwamba pa phiri, kenako kufiirako kumatsika pang'onopang'ono ngati moto wopanda utsi. Kukafika kumtsinje, chisanu chimakhala chili pakhomo. Nthawi imeneyo ndi imene Doña Eduvina Oyarzo ankatenga thumba n'kupita kudambo kukazula ndere.

Nyumba yawo ili m'nkhalango, kutsidya kwa kamtsinje. Inamangidwa ndi bambo awo, amene anafika kuno kuchokera ku chilumba cha Chiloé ndi nkhwangwa paphewa. Mikungudza imene anamangira inali itafa kale ndi moto waukulu umene anthu oyamba anayatsa pofuna msipu. Motowo unangowaula kunja, mtima wa mtengo n'kutsala wouma gwa. Anasanja zipika china pamwamba pa chinzake, m'makona akusema mano kuti zilumane. Msomali munalibe. Chipinda ndi chimodzi, mbaula yachitsulo pakati, ndi kansanja m'mwamba kosungirapo mbatatesi.

Doña Eduvina anabadwira momwemo. Atakwatiwa ndi Abelardo, woweta nkhosa za eni, mwamunayo ndiye anabwera kudzakhala kwa mkazi. Ana awiri anapita ku Argentina. Wapafupi ndi Baldomero, woyendetsa lole kutauni ya Coyhaique. Abelardo atamwalira, tonse tinkayesa kuti mayiwo asamuka. Sanasamuke.

Ndinawafunsapo chimene amaikondera nyumba yaing'ono chonchi.

"Ndikakhala pampando uwu, dzanja limafika pa ketulo, pa nkhuni, ndi pazenera," anatero. "Yaikulu ndiitani? Ndizisesa malo oti sindikhalapo?"

Pakati pa zipika pamatsala mipata, ndipo mipatayo amatsekamo ndere. Mphepo ndi mbewa zimachotsa zakale, choncho masika alionse pamafunika zatsopano. Ankaziyanika pampanda, n'kumazilowetsa ndi kamtengo kosongoka, kuyambira pansi mpaka kudenga. Ndi ntchito yowawitsa mawondo.

Chaka china mu Julaye chifuwa chinawagwira, anakagona m'chipatala. Baldomero atawabweretsa kunyumba, anaika chikhatho pakhoma n'kumva mphepo ikupyoza.

"Amayi, inu mumagona panja. Denga lokhali ndi limene likunamiza anthu."

Anabweranso ndi mapepala a pulasitiki, n'kukuta makoma onse m'kati, pamwamba pake n'kukhoma timatabwa toyera. Doña Eduvina sanakane. Mawondo anali atatopa ndi dambo. Nyumba inafunda, mphepo inasiya kuimba m'makoma, ndipo zaka ziwiri sanapite kukazula ndere. Ankauza aliyense kuti mwana wawo ali ndi mutu.

M'masika a chaka chachitatu anayamba kumva fungo la chinyezi limene silinkachoka ngakhale atsegule chitseko tsiku lonse. Anaitana Don Nolberto Vidal, mnansi wawo wa ng'ombe zapagoli. Ameneyo ndi amene ananyamula Baldomero pa ubatizo, n'chifukwa chake iye ndi Doña Eduvina amaitanana kompadre ndi komadre, ndipo Baldomero amamutchula Padrino. Don Nolberto anazula thabwa la pansi kumbali ya kum'mwera, kumene dzuwa silifika. Kuseri kwa pulasitiki kunali madzi ndi bowa woyera. Ndere zakale zitatha, mvula yamphepo inkalowa m'mipata n'kukhala momwemo, poti kutentha kwa mbaula sikunkafikako kuti kuumitse. Anabaya chipika cha pansi ndi mpeni, mpeni n'kulowa mpaka pogwirira.

"Komadre, nyumba mwaiveka jekete ya mvula chakumbuyo. Ngakhale ine ndikanawola."

"Inu munawola kale, kompadre, koma mukuyendabe. Tanenani za nyumba."

"Zam'mwambazi ziuma mukachotsa mapepalawa. Chapansichi chapita. Chipale chofewa chikalemera padenga, khoma ili ligwada."

Baldomero anabwera Loweruka. Anayang'ana chipikacho nthawi yaitali, akufinya zidutswa zake m'manja.

"Ndalakwa ndine," anatero. "Tiyeni kutauni. Chipinda chilipo."

"Tinalakwa tonse. Iwe unakhoma, ine ndinaomba m'manja."

"Kaya ndani, Amayi, koma msewu ukatseka khoma lili chonchi, ine sindikusiyani muno."

Doña Eduvina si munthu wokangana. Anathira madzi otentha m'chikho cha yeriba, tiyi wa kwathu kuno, n'kumupatsa mwana wawo.

"Chipika chikapezeka chipale chisanagwe, nditsala. Chikasowa, ndikwera lole yako, ndipo sudzandimva ndikudandaula."

Chinkafunika ndi mkungudza wouma wotalika ngati khoma. Wamoyo sitidula masiku ano, komanso wauwisi umafota ukamauma. Lenga ndi yosasowa, koma ikagona pafupi ndi dothi imawola msanga, ndipo nyumba si chinthu choti uzinyamula zaka zingapo zilizonse. Mikungudza ya moto uja imene inali pafupi inatha kale, inapita m'mipanda ya nkhosa. Baldomero ndi Don Nolberto anakwera phiri. Ina anaipeza ili ndi mphako. Wina wabwino unali kutsidya kwa phompho kumene ng'ombe sizingafike.

Kufiira kwa masamba kunadutsa pakati pa phiri. M'mawa madzi a m'ndowa anayamba kugwira pamwamba. Baldomero anabwera ndi makatoni opanda kanthu n'kuwaika pakhonde. Mayi ake anasunga mawu awo. Anakulunga makapu m'nsanza, anatsitsa mbatatesi pansanja, ndipo tsiku lina anayamba kupititsa nkhuku zawo kwa mkazi wa Don Nolberto.

Popita kumeneko amawoloka kamtsinje pa mlatho wa chipika chimodzi cha mkungudza, chosemedwa pamwamba kuti phazi likhazikike. Anaugoneka ndi Abelardo chaka chimene anakwatirana. Doña Eduvina anafika pakati, nkhuku ili m'khwapa, n'kuima. Anayang'ana kumene chipikacho chikuyambira, anayang'ana kumene chikuthera. Kenako anabwerera nayo nkhuku.

Masana amenewo amuna awiri aja anatsika kuphiri chimanjamanja, n'kukhala pafupi ndi mbaula.

"Chipika ndachipeza," anatero Doña Eduvina.

"Kuti?" anafunsa Baldomero.

"Mwachiponda pobwera."

Baldomero anaika chikho pansi. "Mlatho? Mukufuna mukonze nyumba n'kudzitsekera kutsidya? Mtsinje ukadzaza mu Juni, chifuwa chija chikabwerera, tidzakufikani bwanji? Ndiponso anaugoneka ndi bambo."

"Bambo ako anaugoneka kuti ndizifika pakhomo. Pakhomo pakasowa, ndiziwoloka kupita kuti?"

Don Nolberto anakanda ndevu. "Mlatho ungathe kukhala wa lenga. Uwola ndithu, zaka zisanu mwina. Koma mlatho suli ngati nyumba. Ukawola umaukankhira m'madzi n'kugoneka wina."

"Adzagoneke ndani, Padrino? Inuyo, ndi msana umenewo?"

"Komadre, ndimamva mphekesera kuti muli ndi mwana wamwamuna kutauni. Kaya ndi zoona."

Baldomero sanaseke. Anatuluka, anapita kumtsinje, ndipo mayi ake anamuona pazenera akugogoda chipikacho ndi mwala kuyambira mbali ina mpaka ina. Chinkalira ngati ng'oma youma. Atabwerera anaima pakhomo.

"Chabwino. Koma woyamba ndi mlatho watsopano, wakale uchoke pambuyo. Zipika ziwiri, osati chimodzi. Ndipo pakhale pogwira."

"Pogwira ndi pa zidakwa," anatero mayi ake.

"Ndiye mwandiganizira," anatero Don Nolberto.

Tinasonkhana anthu a m'chigwa, monga timachitira nyumba ikafuna manja ambiri. Anapha nkhosa. Tinagwetsa lenga ziwiri, ng'ombe n'kuzikoka mpaka kumtsinje. Zitagona bwino, tinamanga unyolo pa chipika chakale, ng'ombe zinakoka, ndipo chinatuluka m'dothi la m'mphepete mwakachetechete. Kunja chinali chotuwa, pamwamba chosalala ndi mapazi. Don Nolberto atayamba kusema mano, m'kati munatuluka mofiirira, ndi fungo la mkungudza ngati wagwa dzulo.

Kunyamula nyumba ndi kumene kunavuta. Tinayesa ndi mitengo yaitali, amuna tonse titalendewera, khoma silinasunthe. Baldomero anapita kulole kukatenga jeke. Anamuika pamwala wafulati pansi pa ngodya, n'kumapopa pang'ono, ife tikulowetsa zidutswa za mitengo, iye n'kusamukira ku ngodya ina. Nyumba inalira m'makona onse. Doña Eduvina anakana kutuluka. Ankakazinga mikate pambaula, mafuta atapendekera mbali imodzi ya chiwaya.

"Amayi, tulukani kaye."

"Nyumba ikagwa ndikuuzani. Popani."

Chipika chowola chinatuluka zidutswazidutswa, ena ankachichotsa ndi manja. Cha mlatho chija tinachikankha n'kulowa. Jeke atatsika, mano analumana ndipo khoma linakhala phee. Chinatalika kuposa khoma, mutu wake unatulukira panja pangodya. Baldomero anatenga sowo kuti adule.

"Chisiye," anatero mayi ake. "Ndizikhalapo."

Tsiku lotsatira Baldomero anazula timatabwa tonse ndi mapepala aja. Amayi a m'chigwa anapita kudambo, ndipo Doña Eduvina anapita nawo, akutsalira m'mbuyo. Ndere sizinaume bwino, dzuwa linali litafooka kale, koma anazilowetsa choncho. Mbaula inayaka masiku angapo chitseko chili chotsegula mpaka fungo lija linachoka.

Pamene Baldomero ankanyamuka, lenga za kumtsinje zinali zitayoyola masamba, ndipo mitambo inali itatsika mpaka phiri kubisika. Ananyamula makatoni ake opanda kanthu. Mayi ake anamuperekeza mpaka pamlatho watsopano. Makungwa ake anali akadali obiriwira. Iye anaima pakati n'kudumphapo kawiri kuti aone ngati ukugwedezeka.

"A Padrino akuti zaka zisanu."

"Ubwere ndi nkhwangwa chachinayi. Kompadre amawonjezera."

"Ndipo chifuwa chikayamba, musadikire. Muwoloke, mukawauze, andiimbire."

"Ndamva."

"Mugwire apa powoloka."

"Ndamva, Baldomero. Pita, msewu ungakutsekere."

Anawoloka. Doña Eduvina anaima mpaka phokoso la lole linazimirira kuseri kwa mitengo. Chipale chofewa chinali chitayamba kugwa, chochepa, chosungunuka chikangofika pansi. Anatolera nkhuni zodzaza m'manja, analowa m'nyumba, n'kutseka chitseko.