Chingwe Chokulunga pa Paipi

Amuna anga anali munthu wosayankhula. Akaweruka ku ofesi, mawu awo anali "Mwaswera?" basi, kenako phee mpaka mawa. Koma matipate atabwera, anthu atasiya kuopa zipupa, akuluwa anakatenga chilolezo cha wailesi yoyankhulirana ndi anthu akunja. Anamanga waya kuchoka pa mtengo wa mapeyala kukafika pa mlongoti wa bulugama, kwathu ku Mbedza, n'kumadzitsekera m'chipinda chakumapeto.

Vuto linali lakuti akangoyamba kuyankhula, mawu awo ankatulukira mu wailesi yanga ya kukhitchini. Kwaya ili mkati, mwadzidzidzi bambo a m'nyumba awo, m'Chingerezi! Ndinawakalipira.

"Bambo, kodi wailesi ziwiri zonsezi n'zanu?"

Anati mphamvu ina ikubwerera kunja kwa chingwe chakuda chochokera ku mlongoti, ndipo mankhwala ake n'kukulunga chingwecho ngati nkhata, pafupi ndi pomwe chalumikizana ndi waya. Ankati nkhata yotereyi dzina lake ndi choko. Anakulunga pa botolo la mafuta ophikira, zinakanika. Pa chigubu, chimodzimodzi.

Iwo akuvutika choncho, ine ndinali nditayamba kumvetsera. Abale inu, munthu uja ankaseka! Ankauza mkulu wina wa ku Kenya za nkhungu ya m'phiri la Zomba ndi anyani olanda nthochi m'manja. Tsiku lina amuna angawo anamuuza kuti mkazi wawo akamaimba pochapa, iwo amasiya zonse n'kumamvetsera pawindo. Ndinapsereza ndiwo tsiku limenelo. Ine amene ndinkayesa kuti ndinakwatiwa ndi chitsa, ndinayamba kuthamangira kukhitchini dzuwa likangopendeka.

Koma m'mawa uliwonse ndinkadandaulabe. Nanga ndikanati chiyani, kuti bambo ndimakuberani mawu? Akanatsekeratu pakamwa.

Loweruka lina anabwera ndi paipi yonenepa yapulasitiki. Ndine ndemwe ndinaigwira, iwo akukulunga mosamala kuti chingwe chisakwerane, n'kumanga ndi malegeni. Chamumtima ndinkapemphera kuti ikanike ngati zinzake.

Madzulo ake kwaya inaimba nyimbo yonse mpaka kumapeto, popanda wolowerera. Mtima unandiwawa, sindinama. Anatuluka m'chipinda muja akumwetulira, n'kudzaima pakhomo la khitchini.

"Zatheka, mayi. Sindidzakusokonezaninso."

"Mwachita bwino," ndinatero, ndikupukuta mbale youma kale.

Akuluwa sankadziwa kunama. Sanandisokonezenso mpaka tsiku lomwe tinawaperekeza kumanda.