Apongozi Anga Salola Mwana Kulira

Apongozi anga anagwira ntchito yolera ana m'nyumba za anthu olemera kuyambira ali mtsikana mpaka mawondo atayamba kuwavuta. Amanyadira chinthu chimodzi: palibe mwana analirapo m'manja mwawo. Kumeneko mwana akangolira, adona ankatuluka kuchipinda nkhope ili gwa, wantchito n'kudziwa kuti mawa akhoza kulongedza. Ndiye anaphunzira kudziwa chofuna mwana asanatsegule pakamwa. Mwana akayang'ana kapu, madzi afika. Akakanda khutu, ali kale kumsana.

Luso limeneli anabwera nalo kwathu, m'tizipinda tathu tiwiri, nditayamba ntchito yoluka tsitsi kusaluni. Mwana wanga amamutchula kuti Abwana.

Abwanawo akuyandikira zaka zitatu, koma mawu ali nawo ndi ochepa: amama, agogo, pita, ayi. Lililonse limatuluka palokha. Mwana wa aneba, wamng'ono kwa iye, amanena kale kuti "amama andimenya" ngakhale asanamenyedwe.

Kusikelo anesi anamuyeza makutu, ali bwinobwino. Kenako anandifunsa, "Akafuna chinthu amatani?"

"Amaloza."

"Inu n'kutani?"

"Timamupatsa."

"Nanga alankhulirenji? Muzidikira kaye. Akatchula liwu limodzi, inu muzimuwonjezera lina."

Ndinawafotokozera apongozi mwaulemu, nditakhala pansi. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Anesi akewo alera ana angati? Bambo ake a mwanayu anachedwanso kulankhula, lero satseka pakamwa."

Bambo akewo, atagona pampando maso ali pafoni, anangoti, "Wamva? Ndi zakumtundu."

Zakumtundu! Kusukulu akakamufunsa dzina, akayankha ndi chala?

M'mawa wina ndisanapite kuntchito ndinaika nthochi pamwamba pa kabati, pomwe sangafikire. Mwana analoza: "Mm! Mm!" Ndinagwada pamaso pake.

"Ukufuna chiyani? Nena, mwanawe."

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana nthochi. Milomo inayamba kugwedera, ndinaiona ndi maso angawa. Pomwepo dzanja linadutsa paphewa langa, nthochi ili yosendasenda kale.

"Landirani, Abwana, asakuzunzeni."

Sindidziwa mawu anachokera kuti. "Amayi! Mukumutseka pakamwa mwana wanga! Kuno si kwa adona anu, palibe akuchotseni ntchito. Musiyeni alire!"

Ngakhale foni ija inaikidwa pansi.

"Ana a eni ndalera moyo wanga wonse," anatero apongozi, mawu ali pansipansi. "Lero wa mwana wanga ndiye ndamulakwira?"

Anaponya zovala m'chikwama n'kutuluka, akuti akupita kwa mwana wawo wamkazi. Mwamuna wanga anawatsatira akukokera nsapato, akundinena kuti ndilibe khalidwe.

Mwana anaima pakhomo akulira, chala chili kumsewu. Analoza, analoza, koma chomwe ankalozacho palibe anamubweretsera. Manja anga ankafuna kumunyamula, ndinawapanira m'khwapa. Kenako anatembenuka, mamina ali chuchuchu.

"Agogo pita."

Mawu awiri, olumikizana.

"Eya, agogo apita," ndinatero. "Ukufuna chiyani?"

"Funa agogo."

Ndinamubereka n'kuthamangira kusiteji ya basi, mkwiyo usanandichoke ngakhale pang'ono. Bwanji zinafunika kuti nditukwane munthu wamkulu kuti mwana wanga apeze mpata wolankhula? Tinawapeza atakhala pabenchi, chikwama pamiyendo, kondakitala akuitanira anthu. Ndinamutsitsa mwana patsogolo pawo.

"Auze wekha."

Anangowayang'ana, chala mkamwa. Manja a apongozi ananyamuka okha.

"Dikirani, Amayi."

Anandiyang'ana ngati andimeze. Koma manjawo anaima m'malere, ndipo basi inanyamuka iwo asanakwere.